Ng'oma ya m'bokosi: mmene kiyibodi inatipezera ku Thyolo

Sabata ino gawo ndi langa, ndipo ndati tipumeko kaye za ndakatulo ndi nthano, tikambe mbiri ya chinthu chimene timachimva sabata iliyonse kutchalitchi, kumaukwati ndi pa wayilesi, koma sitifunsa kumene chinachokera.

Mwezi wathawu ndinali ku ukwati wa mwana wa achemwali anga, pa tchalitchi china cha m'mphepete mwa minda ya tiyi, mukapitirira Bvumbwe polowera ku Thyolo boma. Kwaya inali ya anthu ngati 20, koma woimba zida anali mmodzi yekha, kamnyamata ka kusekondale kali pa kiyibodi. M'bokosi lakelo munkatuluka ng'oma, besi, malipenga, zonse. Nyimbo ili pakati, magetsi anathima. Kwaya yonse inangoti zii. Kenaka agogo ena amene anakalambira kutchola tiyi anayamba kuwomba m'manja, amayi anzawo n'kulandira, nyimbo ija n'kudzukanso. Komatu inadzuka ina. Mawu anali omwewo, koma mayendedwe anasintha. Poyamba inkaguba mwadyo ngati apolisi pa perete, tsopano inkayenda patatupatatu, mapewa akuvomera okha. Magetsi atayaka, mnyamata uja anadina batani, nyimbo n'kubwerera mumzere wake wakale.

Ndinabwerako ndi funso limodzi: pa nyimbo zathu za lero, ng'oma akuimba ndani?

Ng'oma isanalowe m'bokosi

Tiyambe ndi anthu. Tiyi wa malonda anayamba ku Mulanje cha m'ma 1891 ndi mzungu wina dzina lake Henry Brown, n'kufalikira ku Thyolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Esiteti ya Satemwa anaikhazikitsa Maclean Kay mu 1923, ndipo maina ngati Conforzi, Naming'omba ndi Makwasa tonse tinakula tikuwamva. Tiyi amafuna manja ambiri. Ambiri mwa manja amenewo anali a Alhomwe amene ankaoloka kuchokera ku Mozambique, kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Atafika kuno anapeza Amang'anja, anapezanso thangata: ukafuna pokhala pa malo a mzungu, umalipira ndi thukuta lako. Katundu anabwera naye wochepa, koma ng'oma sanazisiye. Gule wa tchopa, amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse mu 2014, anakhazikika m'midzi ya Thyolo, Mulanje ndi Phalombe kudzera m'njira imeneyi.

Kumbali ina kunali mishoni. Ku Malamulo, kufupi ndi Makwasa, a Seventh-day Adventist anayamba ntchito mu 1902, ndipo kumeneko kunakula luso loimba ndi pakamwa pokha, mawu anayi olukana bwinobwino popanda chida chilichonse.

Kenaka kunadza banjo ndi gitala, zobwera ndi amene ankachokera ku migodi ndi ku nkhondo. Anyamata osowa ndalama anangopanga zawo: chigubu, chikopa, mawaya, ndi chibesi chachikulu chija timati babatoni. Mwa oimba onse amene anatuluka m'njira imeneyi, dzina limene Thyolo amanyadira ndi Allan Namoko, wosaona uja, wobadwa mu 1956, amene ankaimba ndi Chimvu River Jazz Band mpaka imfa yake mu 1995. Chimbale chake cha Ana Osiidwa chinatuluka mu 1992 ndipo chinamveka ndi kunja komwe.

Mukamvetsera Namoko, tcherani khutu pa chinthu chimodzi. Liwiro la nyimbo silikhala pamodzi. Woimba ng'oma akumvera banjo, banjo ikumvera mawu, ndipo nyimbo ikatentha onse amathamangira limodzi popanda wouza mnzake. Nthawi ya nyimbo inali chinthu chogwirizana anthu, monga amayi awiri osinja mumtondo umodzi. Koma zimenezi zinali ndi mtengo wake. Kuti uimbe unkafunika anzako atatu kapena anayi, ndipo kuti dziko likumve unkayenera kukafika ku MBC ku Blantyre, wayilesi yokhayo imene inalipo.

Makina awiri osiyana mtima

Pamene Namoko ankazungulira m'misika ndi banjo yake, ku America ndi ku Japan kunkachitika zina. Mu Januwale 1983, pa chionetsero cha zida zoimbira cha NAMM ku California, analumikiza makiyibodi awiri a makampani osiyana, Prophet-600 ya Sequential Circuits ndi Jupiter-6 ya Roland, ndipo anamvana. Chilankhulo chimene anamvanirana chimatchedwa MIDI. Amene anachikankha kwambiri ndi Dave Smith ndi Ikutaro Kakehashi.

MIDI si mawu, abale. Ndi malangizo chabe. Ukadina kiyi, chingwe chimanyamula uthenga wakuti: kiyi nambala yakuti yadinidwa, mwamphamvu chotere, ndipo tsopano yasiyidwa. Makiyi ali ndi manambala kuyambira 0 mpaka 127, ndipo chingwe chimodzi chimanyamula njira 16, kutanthauza kuti zida 16 zikhoza kulandira malangizo nthawi imodzi. Kuyambira 1991 makampani anagwirizananso kuti njira ya nambala 10 ikhale ya ng'oma. Tsono malangizo akakhala manambala, ukhoza kuwasunga, kuwakonza, ngakhale kuuza makina kuti apange ake. Apa ndi pamene njira zinagawikana pawiri.

Njira yoyamba ndi ya sequencer. Kameneka ndi kabokosi kosunga zimene iwe waimba, n'kuzibweza ndendende. Roland anali atatulutsa kale MC-8 mu 1977, MIDI isanabadwe, ndipo pambuyo pake kunabwera MC-500 mu 1986, Alesis MMT-8 mu 1987, ndi Akai MPC60 ya Roger Linn mu 1988. Umayamba ndi ng'oma, kuiimba wekha ndi zala, kenaka besi, kenaka zina, mzere ndi mzere. Ukapanda kuikamo kanthu, kabokosiko kamangokhala duu. Kwa ife a ku tiyi, sequencer ili ngati kalaliki wa pasikelo: amalemba makilo amene wabweretsa, sawonjezera, sakutcholera.

Njira yachiwiri ndi ya kiyibodi yodziperekeza yokha, ngati ma Casio ndi ma Yamaha PSR amene adzaza m'matchalitchi mwathu. Mkati mwake muli masitayilo, tizidutswa ta nyimbo timene akatswiri a kampani anajambuliratu. Iwe umangogwira chord ndi dzanja lamanzere. Makina amaona chord wagwirayo, n'kusuntha besi ndi zida zina motsata malamulo amene anawaikira, ng'oma ikupitirira. Pali batani loyambira, batani la kaphokoso kosinthira ndime, ndi batani lomalizira. Ameneyu ndiye kapitawo: mzere wakupatsa ndi iye, liwiro wakupatsa ndi iye, iwe n'kumatsatira.

Mu 1988 kampani ya Korg inatulutsa M1, kiyibodi yokhala ndi mawu a zida zambiri komanso sequencer ya mizere 8 m'bokosi limodzi. Makina otere anayamba kutchedwa workstation, ndipo munthu mmodzi akanatha kumaliza nyimbo yonse ali pampando. Mu 2001 Korg inapita patsogolo ndi kiyibodi yotchedwa Karma, yogwiritsa ntchito nzeru za Stephen Kay. Iyi sinkangobwereza kachidutswa kojambulidwa kale ayi. Inkapanga manotsi pompopompo motsata ndondomeko ya masamu, imene azungu amati algorithm. Ukapotoza kabatani kamodzi ng'oma imachulukana, ukapotoza kena besi imayamba kudumpha mosayembekezeka, moti ukhoza kuimba kawiri osamva zofanana. Kapitawo uja tsopano anali ataphunzira kupeka.

Kusiyana kwake n'kumeneku. Sequencer imafunsa kuti: uli ndi chiyani m'mutu mwako? Kiyibodi yodziperekeza imati: usavutike, ndili nazo kale.

Zitafika kwathu

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Ichi chokha chinabwera chikuimba ng'oma, ndipo tinachilandira ndi manja awiri.

Zaka za m'ma 1990 zinasintha zambiri. Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, pakamwa panamasuka, mawayilesi anayamba kuchuluka, matchalitchi atsopano anamera paliponse, ndipo malonda a makaseti anakula, O.G. Issa akugula ndi kugawa nyimbo za oimba ambiri. Ku Balaka, kumene Alleluya Band inayamba mu 1978, Paul Banda anatsegula situdiyo imene inatulutsa kaimbidwe kamene dziko lonse linakatcha ka ku Balaka, kiyibodi ili patsogolo. M'masitudiyo otere, ng'oma ndi besi zinayamba kukonzedwa pa makina, ndipo woimba ankangofika ndi mawu ake.

Koma kunja kwa situdiyo, m'matchalitchi a m'midzi ndi m'makomboni a maesiteti, makina amene anapambana si sequencer. Anapambana ndi kapitawo uja. Zifukwa zake n'zosavuta. Sequencer payokha silira, imafuna kiyibodi ina, zingwe ndi zokuzira mawu. Imafunanso nthawi yokhala pansi usiku kukonza nyimbo imodziimodzi, pamene munthu watopa ndi dengu kumsana tsiku lonse. Kiyibodi yodziperekeza ndi bokosi limodzi, masipika ali momwemo, zing'onozing'ono zimayendera mabatire, ndipo mlamu wa ku Joni akhoza kukutumizira pa basi. Mwana wochenjera amaphunzira ma chord atatu pa sabata imodzi, Lamulungu n'kuperekeza kwaya yonse. Nyimbo ikakwera kwambiri, pali batani loitsitsa popanda kusintha zala.

Tisanamizane, ubwino wake unali waukulu. Kwaya ya amayi otchola tiyi, imene sikanakwanitsa kugula zida za bandi ngakhale itasonkha zaka zisanu, inapeza bandi yonse m'bokosi limodzi. Achinyamata ambiri amene lero akudya za nyimbo anayambira pomwepo. Nyimbo zauzimu zinafika pamene sizinafikepo. Amene amanyoza kiyibodi nthawi zambiri ndi amene sanasenzepo ng'oma za bandi pa njinga kuchokera ku Luchenza kukafika ku Thekerani.

Komabe tiyeni titsegule bokosilo tione zimene zili pa mndandanda wa masitayilo. Mupeza 8 Beat, 16 Beat, Polka, March, Country, Waltz, Bossa Nova, Reggae, Disco. Tchopa mulibe. Manganje mulibe. Beni, chimtali, malipenga, vimbuza, zonsezi mulibe. Amene anajambula masitayilowo sanali ndi chifukwa chotiganizira, poti msika wawo unali kwina. Tsono magule athu ambiri amayenda patatupatatu, ndipo manja amawomba zina pamene ng'oma ikunena zina, ziwirizo n'kumakokana mokoma. Masitayilo ambiri a m'bokosi amayenda panayipanayi, mowongoka. Mnyamata wa pa kiyibodi akamva nyimbo ya agogo ake, amafufuza sitayilo yoyandikira. Akaisowa, nyimbo ndi imene imapindidwa kuti ikwane m'sitayilo. Zikachitika zaka 30, m'badwo wonse umakula ukuganiza kuti nyimboyo inabadwa choncho. Ndi zimene ndinamva pa ukwati uja: nyimbo imodzi yokhala ndi miyendo iwiri, wina wa m'bokosi, wina wa agogo.

Ngakhale sequencer ili ndi msampha wake. Muli batani lotchedwa quantize, limene limakoka notsi iliyonse kuiika pa mzere wowongoka. Woimba ng'oma weniweni amachedwa pang'ono apa, n'kufulumira pang'ono apo, ndipo kukoma kuli pomwepo. Ukadina batanilo mosaganiza, umachotsa mchere m'ndiwo. Kusiyana kwake n'kwakuti pa sequencer batanilo ukhoza kulisiya.

Ndipo pali munthu amene timamuiwala pa nkhani imeneyi: woimba ng'oma. Kale pa chinkhoswe, pa chikondwerero cha kwaya, ankaitanidwa, ankadya, ankalandirako kangachepe. Mwana ankakhala pambali pake kuphunzira ndi maso. Bokosi litabwera anasiya kuitanidwa, ndipo mwana uja anasamukira pambali pa kiyibodi. Luso losaitanidwa limafa mwakachetechete.

Anzathu anachita bwanji?

Vuto si makina, ndipo umboni ulipo. Mu 1981 Casio inatulutsa kakiyibodi kotchipa kotchedwa MT-40. Mmodzi mwa masitayilo ake, wolembedwa kuti rock, anakonza ndi mtsikana wa ku Japan, Okuda Hiroko, atangoyamba kumene ntchito. Kakiyibodi kameneka katafika ku Jamaica, Wayne Smith ndi mnzake Noel Davey anakatengera kwa King Jammy, anachepetsa liwiro lake, ndipo mu 1985 kunabadwa Under Mi Sleng Teng, nyimbo imene inatembenuza reggae kulowa m'nyengo ya makina. Oimba mazanamazana aimbapo pa biti imeneyo. Sitayilo inali ya m'bokosi, koma anaikhotetsa mpaka inayankhula chi Jamaica.

Pafupi pompa, ku Dar es Salaam, anyamata a m'makwalala anatenga tima Casio tating'ono, n'kutilumikiza ku zimkuzamawu, koma ng'oma zenizeni sanazichotse. Kiyibodi inkalira pamwamba, ng'oma za manja zikutsogolera pansi. Kaimbidwe kameneka kamatchedwa mchiriku, ndipo gulu la Jagwa Music linafika nako mpaka ku Ulaya. Ku South Africa, Nozinja anatenga kavinidwe ka Atsonga n'kukaika pa makiyibodi, kuthamangitsa liwiro kupitirira 180 pa mphindi, n'kupanga Shangaan electro. Onsewa sanafunse bokosi kuti muli chiyani. Analiuza chochita.

Masamu amene anatipeza tili kale pomwepo

Pali nkhani ina yosangalatsa. Mu 2005 katswiri wa makompyuta ku yunivesite ya McGill ku Canada, Godfried Toussaint, anaonetsa kuti njira ina ya masamu ya Euclid, Mgiriki wa zaka zoposa 2,000 zapitazo, imatulutsa magundidwe a ng'oma a mitundu yambiri ya anthu. Yesani nokha. Jambulani timabokosi 12 mozungulira, mutenge timiyala 5, mutiike motalikirana mofanana mmene mungathere. Sizigawika ndendende, choncho mipata imatuluka chonchi: 2, 2, 3, 2, 3. Mukawomba m'manja motsata timiyalato, mumva kanthu kodziwika. Magundidwe otere, a 5 kapena 7 pa 12, ndi amene akatswiri ngati Gerhard Kubik, yemwe anagwira ntchito zaka zambiri ndi banja la a Kachamba ku Chileka, anawalemba kuti ndi msana wa nyimbo zambiri za mu Africa. Lero makina ambiri opanga mabiti ku Ulaya ndi ku America ali ndi batani la Euclid, ndipo achinyamata akumeneko amalikonda zedi.

Taganizani, abale. Chimene makina akuchipeza ndi masamu, agogo athu anali nacho m'manja kalekale. Ife tinachisiya kuti titsatire Polka ndi Disco, pamene eni makinawo akuchifunafuna. Komabe masamu amangopeza mafupa. Sadziwa kuti ng'oma yaikulu imayankha liti phazi la wovina, sadziwa kuti pa maliro liwiro limatsika bwanji, sadziwa pamene mayi wotsogolera nyimbo akufuna kupuma. Zimenezo zili mwa anthu, ndipo anthu ake akukalamba.

Tsono titani?

Ine sindikunena kuti titaye makiyibodi tibwerere ku chigubu ndi mawaya. Namoko mwiniwake akanapeza chida chabwino sakanachikana. Ndikunena kuti pa makina awiri aja tinazolowera kapitawo n'kuiwala kalaliki, chonsecho kalaliki ndi amene akanatisungira zathu. Chosangalatsa n'chakuti lero awiriwa amakhala m'bokosi limodzi. Makiyibodi ambiri a Yamaha a mtundu wa PSR-S ali ndi gawo lotchedwa Style Creator, lopangira sitayilo yakoyako, ndipo kompyuta iliyonse ya mu situdiyo, kaya muli Cubase kaya FL Studio, ndi sequencer kale. Alipo oimba ndi okonza nyimbo amene ayamba kubweza manganje ndi magule ena m'nyimbo zamakono, ndipo mwaona nokha mmene anthu amadzukira pampando zikalira. Njala yake ilipo.

Chotsala ndi ulendo waufupi: kuchoka pa kiyibodi kupita kwa mkulu woimba tchopa m'mudzi momwemo, kukhala naye pansi, kumupempha mwaulemu, kumulipira, kujambula ng'oma iliyonse payokha, kusiya batani lowongola lija, n'kulemba dzina lake pa sitayiloyo. Tikapanda kutero, tsiku lina wina wochokera kutali adzachita zimenezi, ndipo tidzagula ng'oma yathu yomwe m'paketi. Ife a ku Thyolo nkhani yotere timaidziwa bwino: tsamba timatchola ndife, limagulitsidwa pa okushoni ku Limbe, n'kukapakidwa kunja m'bokosi la dzina la eni ake.

Pa ukwati paja, titatuluka, ndinamufunsa mnyamata wa kiyibodi uja ngati anamva kusintha pamene agogo aja anawomba m'manja. Anaseka n'kunena kuti anamva, ndipo zinamukomera, koma m'bokosi mwake mulibe. Ndinamuuza kuti mulibe chifukwa palibe amene anaikamo. Anakhala kaye chete, kenaka anandifunsa kuti agogowo amakhala mbali iti.

Nanga kwanuko zili bwanji? A ku Rumphi, a ku Ntchisi, a ku Mangochi, a ku Nsanje, ndi gule uti wa kwanu amene munamumvapo akutuluka bwinobwino m'kiyibodi, ndipo ndi uti amene anapindidwa mpaka osazindikirika? Tiuzane. Sabata yabwino nonse.